Nyale ya m'njerwa ya galasi: mphatso yoti muiyese mumdima

Nyale ya usiku ili ndi ntchito yovuta kuposa nyale zina zonse za m'nyumba. Iyenera kuwala mokwanira kuti munthu akadzidzimuka pakati pa usiku aone pamene pali chitseko, koma isawale mpaka kumuthawitsira tulo. Nyale ya pabalaza ikawala kwambiri palibe amene amadandaula. Ya kuchipinda ikangopitirira pang'ono, mwiniwake amaizimitsa, n'kuikweza pamwamba pa kabati, basi ntchito yake yathera pomwepo. N'chifukwa chake ndikamapangira munthu nyale ya m'njerwa ya galasi sindiyambira pa dzina lake, pa riboni kapena pa kalembedwe ka zilembo. Ndimayamba ndadzifunsa kuti munthuyo amagona bwanji, amadzuka kangati, ndipo akadzuka amafuna kuona chiyani.

Kwa inu amene simunaionepo, ndi njerwa yomwe ija ya galasi imene amamangira zenera la kubafa kapena khoma la pamasitepe, yolowetsa kuwala koma yosalola wapanja kuona zamkati. Mkati mwake mulibe kanthu. Munthu amaboola kabowo kumbuyo, n'kulowetsamo timababu ta LED tolumikizana pa waya wopyapyala, kenako n'kumata dzina kapena chithunzi kumaso kwake. Yofala kwambiri imakhala ya masentimita 19 mulitali ndi mulifupi, masentimita 8 kukhuthala, ndipo imalemera makilogalamu oposa awiri. Ku America, komwe amayeza ndi mainchi, yofanana nayo ndi ya mainchi 8. Kulemerako ndi chimodzi mwa zomwe ndimaikondera. Munthu akailandira m'manja amamva kuti wanyamula chinthu chenicheni, choti chikhoza kukhala naye zaka zambiri.

Ntchito ya njerwayi yakhala ya kuwala kuyambira kalekale. Gustave Falconnier, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku Nyon m'dziko la Switzerland, analembetsa luso lopanga njerwa za galasi zopanda kanthu mkati mu 1886. Ankaziuzira ndi pakamwa m'chikombole, kenako n'kutseka kabowo kotsalako ndi kagalasi kotentha. Pakati pa 1928 ndi 1932 Pierre Chareau anamangira dokotala wina wa ku Paris nyumba imene mpaka lero imatchedwa Maison de Verre, ndipo khoma lake lakumaso ndi la galasi. Mu 2001 Renzo Piano anamaliza nyumba ya kampani ya Hermès ku Ginza mumzinda wa Tokyo, yokutidwa ndi njerwa za galasi pafupifupi 13,000. Dzuwa likalowa, magetsi amkati akayaka, nyumba yonseyo imasanduka nyale imodzi yaikulu m'mbali mwa msewu. Zimene ife timachita patebulo ndi njerwa imodzi n'zomwezo, kungoti zachepa, ndipo nkhani yake ndi yomweyonso: galasi limalandira kuwala kochokera pamalo amodzi n'kukumwaza mofewa.

Njerwa za masiku ano saziuzira ndi pakamwa. Amasungunula mchenga, soda ndi laimu pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 1,500, n'kudinda zigawo ziwiri zolowa mkati, kenako amatenthetsanso milomo ya zigawozo n'kuzikanikiza mpaka zitagwirana. Mukayang'ana m'mbali mwa njerwa muona kamzere kozungulira pakati, ndipo pamenepo ndi pomwe zigawo ziwirizo zinakumanira. Mpweya umene unatsekeredwa mkati unali wotentha kwambiri, ndiye utazizira unachepa mphamvu. Mkati mwa njerwa yatsopano mumakhala mpweya wochepa kuyerekeza ndi wakunja. Mudziwiretu zimenezi, chifukwa panthawi imene chitsulo chanu chiboola n'kutulukira mkati mudzamva kaphokoso ka "psii", ndipo madzi onse amene munathira pamwamba adzakokedwera mkati. Njerwayo sikuti yasweka. Yangokoka mpweya wakunja.

Kuboola ndiye gawo limene anthu ambiri amaopa, ndipo mantha amenewo ndi abwino chifukwa amaletsa phuma. Galasi silibooledwa ndi chitsulo wamba cha matabwa kapena cha khoma. Pamafunika kachitsulo kapaipi kokhala ndi timiyala ta dayamondi kumlomo, ka mamilimita 12 kapena 13, komwe sikadula galasi koma kamalipera pang'onopang'ono mpaka kutulukira. Makina oboolera ayende pang'onopang'ono, ndipo ngati ali ndi mbali yogogoda yoboolera konkire, muionetsetse kuti ndi yozimitsa. Gonekani njerwa pa thaulo lopinda kuti isatererereke. Pamalo poti muboolepo umbani kampanda kozungulira ndi dongo kapena phula lomatira magalasi a mazenera, n'kuthiramo madzi. Madziwo ali ndi ntchito ziwiri: amaziziritsa galasi, chifukwa galasi limang'aluka mbali imodzi ikatentha ina ili yozizira, komanso amagwira fumbi la galasi kuti lisauluke n'kulowa m'mapapo. Valani magalasi otchinga maso ndi magolovesi. Ngati makina anu ndi a chingwe chapakhoma, samalani kuti madzi asafike kumene kuli magetsi. Makina a batire ndiwo abwino pa ntchitoyi.

Bowo likhale kumbuyo, chakumunsi, koma lisayandikire kwambiri pangodya. Siyani masentimita awiri kapena atatu kuchokera m'mphepete, ndipo pewani kamzere kolumikizira kaja. Poyamba pendeketsani makina kuti mlomo umodzi wa kachitsulo ugwire galasi n'kupanga kamphako kooneka ngati mwezi watsopano, kenako muwawongole pang'onopang'ono. Mukangoyamba muli chilili, kachitsuloko kamatsetsereka n'kukanda galasi lonse. Musakanikize. Kulemera kwa makinawo n'kokwanira. Madzi akayera chifukwa cha ufa wa galasi, wonjezerani ena. Mukamva kuti mwatsala pang'ono kutulukira, m'pamene muyenera kupeputsa dzanja koposa, chifukwa galasi lotsalalo limakhala lopyapyala ndipo limabenthuka mosavuta.

Chotsatira n'chotopetsa koma musachilumphe. Mkati mwa njerwa mukhala mutalowa madzi oyera aja ndi kachidutswa kozungulira ka galasi. Tsukuluzani mobwerezabwereza mpaka madzi atuluke oyera bwino, gwedezani kuti kachidutswako katuluke, kenako thiranimo sipiriti pang'ono n'kuzunguza. Sipiriti amatenga madzi otsala n'kuuma msanga. Njerwa ikhale chozondoka pamalo ofunda mpaka itaumiratu. Ufa wa galasi ukaumira mkati, masana suoneka, koma nyale ikangoyaka mumaona mizere yotuwa kumbuyo kwa dzina lija. Pabowopo ikanipo kamphira kozungulira kuti mlomo wakuthwa wa galasi usamasupule waya.

Ngati zonsezi sizikukukomerani, ziliko njerwa zopangidwira ntchito zamanja, zobwera kale ndi bowo lalikulu ndi chivindikiro cha pulasitiki. Palibe chamanyazi kugula zimenezo. Wolandira mphatso sadzafunsa kuti anaboola ndani, ndipo bowo lalikulu limathandiza poyala timababu mkati.

Tsopano pa timababu, pamene ndimakhalitsa kuganiza kuposa pena paliponse.

Papaketi ya timababu toyera pamakhala nambala yotsatiridwa ndi chilembo K. Nambala ya 2700K imatanthauza kuwala kofunda, kopita kuchikasu, kofanana ndi kwa mababu akale. Nambala ya 6000K kapena 6500K imatanthauza kuwala kwa mbee kopita kubuluu, kofanana ndi kwa masana. M'sitolo, pansi pa magetsi owala, timababu ta mbee timaoneka taukhondo ndi tokongola, ndiye anthu ambiri amatenga timeneto. M'chipinda chogona ndi tolakwika. Kuti LED yoyera ikhalepo panafunika kaye kuti LED ya buluu ipezeke, ntchito imene inapatsa Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura mphoto ya Nobel mu 2014. Kababu koyera kamene tili nako lero ndi kababu ka buluu kokutidwa ndi kankhwala kachikasu kosintha mbali ina ya kuwalako. Mu timababu ta mbee, buluu wotsalayo amakhala wochuluka.

Buluu ameneyu diso limamuwerenga ngati m'mawa. M'diso muli timaselo tina tomwe ntchito yake yaikulu si kuonera zinthu koma kuuza ubongo ngati kunja kwacha kapena kwada, ndipo ofufuza anatsimikiza za kagwiridwe ntchito kake mu 2002. Timaseloti timamva kwambiri kuwala kwa buluu. Tikakulandira usiku, thupi limachepetsa mankhwala ake achilengedwe otchedwa melatonin, amene amakonzekeretsa munthu kugona. Kuwala kofiirira kapena kwa mtundu wa lalanje sikutidzutsa motero. Palinso china: maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala kwamphamvu kumawabweza pachiyambi m'kanthawi kochepa. Anthu oyang'ana nyenyezi usiku amagwiritsa ntchito matochi ofiira pa chifukwa chimenechi. Ndiye kwa ine nkhaniyi inatha kale. Nyale yogona nayo ikhale ya 2700K kapena kutsikirapo, ndipo kwa munthu wovutika kupeza tulo ndimasankha ya mtundu wa lalanje. Nyale ya buluu, ngakhale mwana atakhala kuti amakonda buluu, sindingaiike pafupi ndi bedi lake. Buluuyo akhale pa riboni.

Kuchuluka kwa timababu nakonso kumanyenga. Waya wa timababu 50 kapena 100 umadzaza njerwa bwino, ndipo pachithunzi cha pafoni umaoneka mochititsa kaso. M'chipinda cha mdima umathobwa m'maso. Pa njerwa ya masentimita 19, timababu 20 n'tokwanira, ndipo nthawi zina 10 timachita bwino koposa. Sankhani toyaka mokhazikika. Tambiri timabwera ndi kabokosi kosinthira kawalidwe, ndipo tina tikazimitsidwa n'kuyatsidwanso timayambira pa kuthwanimathwanima, mpaka munthu adine kangapo kuti tikhazikike. Palibe amene angafune kuchita zimenezo usiku uliwonse ali ndi tulo m'maso.

Timababu takale ta Khirisimasi, tokhala ndi kaulusi koyaka mkati, musatiike m'njerwa. Babu lamtundu umenewo limasandutsa pafupifupi 90 peresenti ya mphamvu yake kukhala kutentha, ndipo m'galasi lotsekeka kutenthako kumasowa kothawira. Galasi limatentha, guluu wa riboni amafewa, ndipo ngati mwaikamo kansalu kapena pepala ndiye mwayala ngozi pafupi ndi munthu wogona. Timababu ta LED ta waya wamkuwa timangofunda pang'ono ngakhale titayaka usiku wonse.

Mukangolowetsa timababu m'njerwa yoonekera mkati, mudzaona kababu kalikonse pakokha pamodzi ndi waya wake wopiringizika, ngati ziphaniphani zotsekeredwa m'botolo. Ena amazikonda choncho, ndipo pa nyale ya pabalaza n'zokongola ndithu. Pa nyale yokhala ndi dzina, timadontho towalato timapikisana ndi zilembo, diso n'kusowa pokhazikika. Pamafunika chinthu chomwaza kuwalako kuti nkhope yonse ya njerwa iwale mofanana. Njira yosavuta ndi utoto wopopera wochititsa galasi kuoneka la nkhungu. Pukutani galasi ndi sipiriti, poperani muli panja, chitini chili patali masentimita 25 kapena 30, ndipo muchite mopyapyala maulendo angapo m'malo mothira wambiri nthawi imodzi. Utoto wochuluka umayenderera n'kusiya mizere imene kuwala kumaiulula. Njira ina ndi pepala la pulasitiki la nkhungu lomata pa mazenera a kubafa. Mukhozanso kulowetsa kansalu koyera kopyapyala pamodzi ndi timababu, kuti kabise waya.

Kulinso mankhwala opaka amene amadya khungu la galasi n'kulisiya lotuwa mpaka kalekale. Amachita bwino pa zilembo ndi tizithunzi ting'onoting'ono, koma pa nkhope yonse amasiya mawangamawanga. Muwalemekeze mankhwala amenewa. Muli mchere wa fluoride umene umalowa m'khungu, ndipo ululu wake umatha kubwera mochedwa, munthu akuganiza kuti palibe chachitika. Magolovesi ndi zotchinga maso n'zosakambirana. Musawatsukire m'sinki yadothi yonyezimira, chifukwa amadyanso kunyezimirako. Ngati m'nyumba muli ana aang'ono, ine ndimaona kuti ndi bwino kungowasiya mankhwalawa n'kugwiritsa ntchito utoto.

Pa kamangidwe ka chithunzi pali chinthu chimene ndimafuna aliyense achimvetse asanadule kanthu. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kumata zilembo zakuda pa galasi lowala, kotero dzina limaoneka lakuda pakati pa kuwala. Yachiwiri ndi kuphimba nkhope yonse ndi vinyl (pepala la pulasitiki lomata) yakuda, n'kuboola dzina ndi nyenyezi, kuti kuwala kuzitulukira m'mabowomo mokha. Anthu amaganiza kuti kusankha pakati pa ziwirizi ndi nkhani ya kukongola. Kwenikweni ndi nkhani ya kuchuluka kwa kuwala m'chipinda. Njira yoyamba imasiya pafupifupi nkhope yonse ikuwala, ndiye imaunikira chipinda. Yachiwiri imatseka kuwala kochuluka, ndipo kotsalako kumatulukira m'mbali ndi kumbuyo n'kukagwa pakhoma. Munthu amene amafuna kuona poyenda mum'pangire yoyamba. Amene amangofuna kuti chipinda chisakhale bii mum'pangire yachiwiri.

Mitundu ya vinyl imasinthanso nyale ikayaka. Yagolide ndi yasiliva imanyezimira masana, koma usiku kuwala kukachokera kumbuyo imangooneka yakuda. Yoyera imatha kuzimirira m'kuwalako. Zilembo zopyapyala zopiringizika, zija zimaoneka bwino pa khadi la ukwati, usiku zimamezedwa, chifukwa kuwala kumasefukira m'mbali mwa mzere wopyapyala mpaka diso silingauonenso. Mzere wa chilembo usachepere mamilimita atatu kukhuthala. Malo osalala pa nkhope ya njerwa ndi pafupifupi masentimita 16 okha, chifukwa m'mphepete galasi limapindika. M'malo ochepa chonchi dzina limodzi ndi kachithunzi kamodzi n'zokwanira. Ndimaona anthu akudzazapo ziganizo zitalizitali za chikondi, ndipo ndimamvetsa mtima wake, koma pakati pa usiku palibe amene amawerenga chiganizo. Mawu ataliwo alembeni pa khadi.

Amene ali ndi makina odulira monga Cricut kapena Silhouette ntchito imawapepukira. Wopanda makina asindikize dzinalo papepala, alimate ndi tepi pamwamba pa vinyl, n'kudula motsatira mizere ndi kampeni kakuthwa. Zimatenga nthawi koma zimatheka, makamaka zilembo zikakhala zonenepa ndi zowongoka. Sankhani vinyl yokhalitsa, monga Oracal 651, osati yomatula mosavuta yokongoletsera makoma. Pochotsa zotsalira samalani tinthu ting'onoting'ono: kadontho ka pamwamba pa i, kamkati ka a ndi ka e, ndi kachizindikiro ka m'dzina lokhala ndi ng'. Timeneti timanyamuka mosazindikira. Musanamate, sisitani njerwa ndi chala. Njerwa zambiri zamafundemafunde zimakhala ndi mafundewo mkati, kunja kuli see, koma zina zili nawo kunja, ndipo pa zimenezo vinyl sigwira bwino. Ngati mwapopera utoto, dikirani uume kwa tsiku lathunthu kapena kupitirira. Yezani pakati, gwirizitsani chithunzi ndi tepi mbali imodzi, kenako chigonekeni pang'onopang'ono mukusisita ndi khadi lolimba la pulasitiki kuchokera pakati kupita kunja. Kathovu kampweya kakatsala, kabooleni ndi singano n'kukasisita.

Dzina likhale limene munthuyo amaitanidwa nalo ndi anthu omukonda, osati la pa chiphaso. Ndipo funsani kalembedwe kake kwa wina wapafupi naye, ngakhale mukuganiza kuti mukukadziwa.

Komabe dzina palokha silipangitsa nyale kukhala ya munthu. Aliyense akhoza kumata dzina pa chilichonse. Chimene chimaipangitsa kukhala yake ndi pamene yakwanira usiku wake. Mwana wa mchemwali wanga ankaopa mdima, koma chenicheni chimene ankaopa ndi zithunzithunzi za zovala zopachikika kuseri kwa chitseko. Nyale yamphamvu yoikidwa pansi ikanatalikitsa zithunzithunzizo n'kuzikweza mpaka kudenga. Kwa iye panafunika nyale yofooka, yophimbidwa kumaso, yokhala pa shelefu yokwera, yomwaza kuwala kofewa mbali zonse kuti pasakhale mthunzi wakuthwa. Nyenyezi zoboola ndi dzina lake zinabwera pambuyo pa kuganiza zimenezo.

Amayi anga ndi osiyana. Iwo amadzuka usiku kupita kubafa, ndipo kwa munthu wachikulire kugwa mumdima si nkhani yaing'ono. Chimene amafuna ndi kuona pansi: pamene pathera mkeka, pamene pali mwendo wa mpando, pamene pali chitseko. Komanso maso achikulire, makamaka amene ayamba ng'ala, amathobwa msanga ndi kuwala kolunjika. Nyale yawo ndi yowala kuposa ya mwana uja, koma imakhala pamalo otsika, yoloza kunjira yawo osati kubedi, ndipo swichi yake ndi yaikulu, yoti zala zouma zikhoza kuipeza popanda kufufuza. Kwa mayi woyamwitsa ndikanasankha kuwala kwa mtundu wa lalanje, kokwanira kuona kakamwa ka khanda ndi thewera, koma kosadzutsa khandalo kapena bambo ake. Anthu atatuwa akhoza kulandira njerwa zofanana kunja, koma mkati mwake muyenera kukhala mosiyana.

Nkhani ya mphamvu imayenderanso munthu. Kabokosi ka mabatire atatu a AA kamalola nyale kukhala paliponse, ndipo kamapitiriza kuyaka magetsi akazima. Vuto lake n'lakuti nyale yoyaka usiku uliwonse imadya mabatire, ndipo mphatso yofuna kugulira mabatire pafupipafupi imasanduka katundu. Timababu ta USB, tolumikiza pa tchaja ya foni ya mavoti 5, n'tabwino kwa munthu amene adzaiyatsa tsiku ndi tsiku. Dziwani kuti ma power bank ambiri amazima okha akaona kuti chinthu chikukoka mphamvu yochepa kwambiri, ndipo timababu 20 timakoka yochepa zedi, ndiye yesani kaye musanadalire njira imeneyo. Timababu tina timakhala ndi taima yoyatsa maola 6 n'kuzimitsa maola 18. Imayamba kuwerenga panthawi imene mwayatsa koyamba, choncho muuzeni mwiniwake kuti tsiku loyamba aiyatse pa nthawi imene amakagona. Kwa mwana taima ndi yabwino. Kwa munthu wodzuka m'bandakucha siyabwino, chifukwa imakhala itazima panthawi imene akuifuna.

Pali chinthu chimodzi chimene sindigonja nacho. Nyale ya mwana isakhale ya mabatire ang'onoang'ono ozungulira aja, monga CR2032. Mwana akameza limodzi n'kukakamira pakhosi, limayamba kuwotcha kummero, ndipo likhoza kuvulaza koopsa m'maola awiri okha. Timababu tambiri totchipa timabwera ndi mabatire amenewa m'kabokosi kotseguka ndi chikhadabo. Sankhani kabokosi ka AA kotseka ndi sikuluwu, kapena ka USB. Kumbukiraninso kuti njerwayi ndi galasi lolemera. Isakhale pamwamba pa pogona khanda kapena pamphepete pa tebulo pomwe mwana angaikokere ndi chingwe. Chingwe chidutse kuseri kwa mipando, kutali ndi manja ndi khosi la mwana. Pansi pa njerwa matanipo timapadi ta mphira kuti isatsetsereke komanso isakande thabwa.

M'mbali mwa njerwa mumakhala mokhakhala, chifukwa ndimo mogwira simenti pomanga. Riboni yaikulu ya masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi imabisa bwino pamenepo. Imateni ndi tepi yomata mbali zonse, mfundo yake ikhale pansi. Riboni yakuda kapena yokhuthala imatchinganso kuwala kwa m'mbali, ndiye nayonso ndi njira yochepetsera mphamvu ya nyale. Bowo lija musalitseke ndi guluu kapena silikoni. Waya wamkuwa ndi wopyapyala ndipo tsiku lina udzaduka. Mwiniwake adzafuna kusolola wakalewo n'kulowetsa watsopano, ndipo njerwa yokhala ndi dzina lake isatayidwe chifukwa cha waya.

Musanaikulunge, iyeseni monga mmene idzagwirire ntchito. Dikirani kude, zimitsani magetsi onse, ikani nyale patali ngati pamene idzakhale kuchokera pabedi, ndipo khalani mumdimamo kwa mphindi 20 kuti maso azolowere. Musayang'ane foni. Kenako onani. Ngati mukutha kuwerenga zilembo zazing'ono za nyuzipepala muli pabedi, nyaleyo yawala kwambiri kwa munthu wogona. Ngati mukuona chitseko, pansi ndi mipando, koma mitundu ya zinthu siikuoneka bwino, mwafika pabwino. Gonaninso chammbali n'kuona ngati pali kababu kolasa m'diso kudzera pomwe utoto wapyapyala. Kuchepetsa kuwala n'kosavuta: kulungani timababu tingapo ndi tepi yakuda, wonjezerani utoto wa nkhungu, kapena kankhirani timababu kumbuyo ndi kamtengo kopyapyala kuti tisagunde galasi lakumaso.

Popereka, ikulungeni ndi nsalu yofewa kapena pulasitiki ya mathovu, muiike m'katoni yolimba, ndipo mumuchenjeze wolandirayo kuti ndi yolemera asanainyamule. Ikanimo mabatire ena apadera kapena tchaja yake, kuti ayambe kuigwiritsa ntchito usiku womwewo. Pa kapepala lembani mtundu wa timababu ndi kukula kwa bowo, kuti akadzafuna kusintha asavutike. Muuzeninso kuti aziipukuta ndi kansalu kouma kapena konyowa pang'ono, osati sipiriti kapena mankhwala otsukira mazenera, chifukwa amasungunula utoto wa nkhungu n'kumatula m'mphepete mwa zilembo. Pakapita milungu ingapo mufunseni ngati amagona nayo ili choyaka. Akati amaizimitsa chifukwa imawala kwambiri, pitani ndi tepi yakuda mukaichepetse.